Zimene Tinapeza m'Magazi a Bambo

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a zoyezayeza inali ku Sunnyside, m'nyumba yakalekale ya denga lofiira imene anaisandutsa labotale. M'chipinda chimene kale chinali chodyera munali mafiriji, ndipo makina oyezera kuundana kwa magazi anali kuchipinda chogona cha eni nyumba akale, pafupi ndi zenera loyang'ana mtengo wa mapeyala. Tinalipo ochepa: adokotala otsogolera kafukufuku, amene anali mayi wamtali wosakonda zolankhulalankhula, namwino wotenga magazi, ndi ife awiri oyeza.

Kwathu ku Bangwe ankandifunsa kawirikawiri kuti kwenikweni ndimapanga chiyani, ndipo ndinkawafotokozera chonchi. Munthu akadzicheka magazi amaundana pabalapo, n'chifukwa chake sataya onse. Koma m'magazi momwemo mulinso puloteni ina imene ntchito yake ndi kuletsa kuti kuundanako kusapyole muyeso, magazi angaundane m'mitsempha munthu akuyenda. Anthu ena amabadwa nayo yochepa puloteniyi. Oterowo akamachitidwa opaleshoni kapena akamabereka, kumayiko ena amawawonjezera kudzera m'diripi. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina amaisefa kuchokera m'magazi amene anthu apereka, ina ndi yochita kupanga, ndipo yopanga imene tinali nayo ife ankaitenga mumkaka wa mbuzi zimene akatswiri anazisintha kuti zizitulutsa puloteni ya munthu. Zonse ziwiri zinkabwera ngati ufa woyera m'timabotolo, m'bokosi lozizira. Ife tinkazisungunula, n'kuzithira m'madzi a magazi a anthu akuno kuti tione ngati zikugwira ntchito mofanana.

Amene anaikonda kwambiri nkhaniyi anali bambo anga, makamaka pa mbuzipo. Anali atapuma pa ntchito yawo yoyang'anira katundu kufakitale ina ku Makata, ndiye nthawi anali nayo yambiri. Ankandiuza kuti ndibwerezenso za mbuzizo, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Kwa iwo mpikisanowo unali wotha kale: chinthu chochokera mumkaka wa mbuzi sichingapose chimene Mulungu anaika yekha mwa munthu. Inenso mumtima ndinkachemerera mbali yomweyo, ndipo pa nthawi ya tiyi kuntchito ndinkanena choncho, adokotala n'kumangondiyankha kuti makina sachemerera aliyense.

Tinkafuna magazi a anthu athanzi oti akhale muyeso wathu, achinyamata ndi achikulire omwe. Bambo atamva, anati iwo ndiye woyamba. Kwathu magazi tinkanyadira nawo. Agogo aamuna anachoka ku Mozambique wapansi ali mnyamata, kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo anathyola tiyi mpaka imvi mbuu osagonapo m'chipatala. Bambonso sanagonepo m'chipatala. Ankati ndi magazi a Chilomwe amenewo, osasukuluka. Asanabwere n'komwe anali atalengeza kale kumphakati, kumene Akatolika a dera lathu timakumana mkati mwa sabata, kuti magazi awo ndi amene akayezere mankhwala a kunja. Tsiku lopereka magazi anavala suti yawo ya kutchalitchi, nsapato atapolisha. Namwino anachita kuwapempha kuti avule jekete. Ine ndinawazungulitsa labotale yonse, ndipo ndikuwaonetsa kwa anzanga ndinanena kuti akafuna kuona magazi enieni adikire a bambowa. Potuluka, bambo anauza adokotala kuti chilichonse chimene angapeze auze ine, poti za Chingerezi cha kuchipatala iwo zimawadutsa.

Timachubu tinkabwera kwa ife oyeza tili ndi manambala okha, opanda mayina. Sabata imeneyo kachubu kena kanaonetsa puloteni yotsika kwambiri, pafupifupi theka la mmene iyenera kukhalira. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa posakaniza. Ndinabwereza, zomwezo. Mnzanga anabwereza ndi mankhwala oyezera atsopano, zomwezo. Tinapereka kwa adokotala, ine n'kunena mwanthabwala kuti mwini magazi awa tisamuwerengere m'gulu la athanzi, atiwonongera muyeso.

Mawa lake adokotala anandiitanira mu ofesi mwawo, n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti kachubu kaja kanali ka bambo anga. Ndinakumbukira zonse zimene ndinanena pamaso pa anzanga. Adokotala sanakumbutse chilichonse. Anangoti atengenso magazi ena kuti atsimikize, ndipo nanenso ndiyezedwe, chifukwa vutoli limayenda m'banja. Kenako anandifunsa ngati kwathu kunali wina amene anatupapo mwendo umodzi, kapena amene anamwalira mwadzidzidzi atangobereka kapena atayenda ulendo wautali. Ndinayankha msanga kuti ayi, kulibe.

Madzulo ake ndinatsika minibasi pa depoti ya Limbe kuti ndikwere ya ku Bangwe. Oitanira akukokerana chikwama changa, maso anga anagwera tsidya la msewu, pakhonde la golosale ya holoselo pamene pamakhala atelala ndi makina awo. Pomwepo ndinakumbukira azakhali, ndipo ndinazindikira kuti adokotala ndawayankha zabodza osadziwa.

Azakhali anali mlongo wawo wa bambo, wobadwa pambuyo pawo. Anamwalira ine ndili wamng'ono, nditangoyamba kumene sukulu. Anali atabereka mwana wamkazi, woyamba. Ali m'chikuta mwendo wakumanzere unayamba kutupa, kuwawa ndi kutentha. Anthu anati ndi za uchembere, zitha. Kenako anayamba kudandaula m'chifuwa, kupuma mobanika, n'kutsokomola magazi. Mmawa wina anadzuka kuti akasambe, anagwa pakhomo, ndipo galimoto isanapezeke anali atatisiya. Akuluakulu ataona kutupako ndi magaziwo anati palibenso chofunsa, umenewu ndi mdulo: mwamuna wayenda kunja mkazi ali m'chikuta, ndiye wamudula. Tinali Akhristu, misa sitinkajomba, koma za mdulo palibe ankatsutsa. Mwamuna wa azakhali anali telala pakhonde lija la ku Limbe. Bambo ndi amene ananena mawuwo pamaliro, anthu onse akumva, akuloza mlamu wawoyo chala. Iye anakana akulira, koma panalibe womumvera. Monga malume wa mwanayo, bambo anatenga khandalo kubwera nalo kwathu, ndipo mayi analilera ndi mkaka wa m'chitini.

Mwanayo anakula ngati mng'ono wanga. Tinkagona mphasa imodzi, ndipo bambo anga nayenso ankawatcha bambo. Za bambo ake omubereka ankangodziwa zimene tonse tinkadziwa, kuti ndi munthu amene anapha mayi ake chifukwa cha chiwerewere. Zaka zoyambirira telalayo ankabwera pa Khirisimasi n'kuima pageti, koma sankaloledwa kulowa. Pambuyo pake anasiya. Tikapita ku Limbe kukagula za sukulu, mayi ankatigwira manja n'kutiwolotsa msewu tisanafike pakhondepo. Titakula tinkawoloka tokha, osauzidwa.

Bambo anabweranso ku Sunnyside kudzatengedwa magazi achiwiri, ulendo uno atavala malaya wamba. Zotsatira zinafanana ndi zoyamba, ndipo zanga zinatuluka chimodzimodzi. Adokotala anatikhazika pansi tonse awiri n'kufotokoza m'Chichewa, pang'onopang'ono. Anati anthu ambiri obadwa chonchi amakalamba osaona vuto, monga bambo, koma ena magazi amawaundana m'mwendo, ndipo chibuluma cha magaziwo chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo. Anatchula nthawi zoopsa: opaleshoni, kugona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, ulendo wautali wongokhala, ndiponso pathupi ndi masabata a pambuyo pobereka. Bambo ankangogwedeza mutu, chipewa chili pabondo. Ndinaona kuti chimene chikuwawawa n'chakuti magazi awo achotsedwa m'gulu la athanzi, ndipo kumphakati akawafunsa.

Ndikanatha kukhala chete, koma mng'ono wanga uja nthawi imeneyo anali pabanja ku Chilomoni, ali woyembekezera. Ndinauza adokotala za azakhali, bambo ali pomwepo: mwendo, chifuwa, magazi, kugwa pakhomo. Za mdulo sindinatchule. Adokotala anati munthu amene anamwalira kalekale osayezedwa sangamunenere motsimikiza, koma zimene ndafotokozazo n'zimene zimachitika magazi akaundana m'mwendo n'kupita kumapapo, ndipo poti mlongo wake, bambo anga, ali ndi vutoli, mwana wa malemuyo ayezedwe msanga.

Tinatuluka, n'kutsetsereka wapansi kulowera m'tauni. Bambo ankayenda patsogolo, osatembenuka. Tinadutsa maofesi, ogulitsa nthochi, anyamata otsuka magalimoto, iwo osayankha ngakhale amene ankawapatsa moni. Titayandikira pokwerera minibasi anaima.

"Ndiye kuti mlongo wanga anafa ndi magazi athu omwewa?"

Ndinati sitingadziwe bwinobwino, adokotala anena okha.

"Sitingadziwe," anatero bambo. "Koma ine pamaliro paja ndinalankhula ngati ndikudziwa."

Mng'ono wanga tinamuitana kunyumba Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinamufotokozera za puloteni, za kuyezetsa, ndi kuti zikapezeka pali chochita. Anamvetsera modekha, dzanja lili pamimba. Nditafika pa za mayi ake anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana bambo.

"Nanga bambo anga aja analakwa chiyani?"

Kanali koyamba kumumva akutchula telala uja kuti bambo anga. Mayi anayesa kuyankha kuti nthawi imeneyo ndi mmene akuluakulu anaonera, panalibe makina oyezera, ndipo mwina munthuyo anayendadi, ndani angadziwe. Bambo anawaletsa ndi dzanja. Anati panalibe amene anamuona ndi mkazi, panalibe mkazi amene anatchulidwa, umboni wonse unali mwendo wotupawo. Mng'ono wanga anatenga chikwama chake n'kunyamuka, chakudya chili patebulo. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu.

Anayezetsa, ndipo mwa iyenso puloteni ija inapezeka yochepa. Adokotala anamulumikiza ndi anzawo a kuchipatala amene amaona amayi oyembekezera. Mapuloteni athu a m'timabotolo aja, yachilengedwe ndi ya mbuzi yomwe, anali a kafukufuku basi, osaloledwa kubayira munthu, ndipo kuchipatala kunalibe. Chimene anamupatsa ndi jakisoni woletsa magazi kuundana, wodzibaya yekha tsiku lililonse mpaka atabereka ndi kupitirira. Ndinkapita ku Chilomoni kukamuphunzitsa kabayidwe. Ankandilandira, kundiphikira tiyi, koma nkhani zathu zinkathera pa jakisoni pomwepo.

Bambo anakhala masabata angapo osatuluka. Kumphakati anasiya kupita, ankati miyendo ikuwawa. Ankakhala kuseri kwa nyumba pampando wawo, wailesi ili chete. Loweruka lina mmawa ndinawapeza atavala, ndipo anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Limbe, chifukwa za magazizo iwo sangazifotokoze bwino.

Limbe ya Loweruka ndi yodzaza. Tinadutsa pakati pa mawilibala, matumba a shuga akutsitsidwa m'malole, azimayi a mabelo a kaunjika. Ulendo uno sitinawoloke. Telalayo anali pamalo pake pomwe paja, atakalamba kuposa mmene ndinkamuganizira, tsitsi loyera, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ankasoka yunifolomu ya sukulu. Atadzutsa mutu n'kuona bambo, phazi linaima pa makina. Anaimirira, n'kuchotsa nsalu pa kampando ka makasitomala, n'kuwapatsa bambo. Ine anandipatsa chitini chachikulu cha penti chovundikira. Moni anapatsana ngati anthu amene anaonana dzulo, kufunsana za kunyumba, za mvula.

Kenako bambo anati, "Alamu, mwanayu ali ndi mawu. Mumvereni."

Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinayamba kufotokoza za puloteni yoletsa magazi kuundana, mawu omwe aja ndinkanena monyadira kunyumba, koma apa ankandituluka mokakamira. Atelala anzake mbali zonse anali atachepetsa makina kuti amve. Malole ankaliza mahutala, ine n'kumabwereza. Munthu amene ndinakhala ndikumuthawa moyo wanga wonse ankandimvetsera mwaulemu, akunditcha mayi, n'kumafunsa pamene sanamve. Nditamaliza kunena za imfa ya azakhali ndi za mwana wake woyembekezera, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu kotsala.

Bambo anavula chipewa. Anati iwo ndi amene analankhula pamaliro, iwo ndi amene anatenga mwana, ndipo abwera kudzanena kuti analakwa. Ananena mokweza, kuti atelala enawo amve, poti mawu oyamba aja anawanenanso pagulu.

Telalayo anayang'ana singano ya makina.

"Ine ndinkadziwa kuti sindinayende," anatero. "Koma anthu akakuuza chinthu chimodzi zaka ndi zaka, umayamba kufufuza mumtima kuti kapena pali china chimene ndinachita osadziwa. Ndakhala ndikufufuza mpaka lero."

Nthawi yomweyo panafika mayi wina kudzatenga yunifolomu ya mwana wake, ndipo telalayo anapepesa kwa ife, n'kukhala pansi kumalizitsa mpendero, mayiyo ataima pambali akutiyang'ana modabwa. Tinadikira. Mayiyo atapita, telalayo sananene kuti wakhululuka, sananenenso kuti sanakhululuke. Anafunsa za mwana wake: ngati matendawo amugwira, ngati akumva kuwawa, ngati adzabereke bwino. Ndinamuuza za jakisoni ndi za madokotala amene akumuyang'anira. Anafunsa kuti amakhala kuti, ndipo nditati ku Chilomoni anadabwa, anati ali ndi kasitomala wa komweko amene amabwera mwezi ndi mwezi. Sankadziwa n'komwe kuti mwana wake anakwatiwa.

Titatsanzika anatiperekeza mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera ku makina ake. M'minibasi bambo anakhala kuzenera, nkhope atalozetsa kunja njira yonse.

Pambuyo pake ndinamva kwa mwamuna wa mng'ono wanga kuti mkazi wakeyo anapita yekha ku Limbe patangodutsa masiku ochepa, ndipo anakhala pakhonde paja mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sanandiuze, inenso sindinafunse. Anayamba kupitako Loweruka lililonse. Ku Bangwe ankabwerabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo sankagona.

Kuntchito kafukufuku anapitirira. M'timachubu tathu mapuloteni awiri aja ankaletsa kuundana pafupifupi mofanana, kusiyana kwake kunali kwakung'ono, kofuna akatswiri kuti akufotokoze. Pa tiyi ndinasiya kuchemerera. Anzanga sananditonzepo za magazi enieni aja, ndipo kusatonzako kunkandipweteka kuposa akanangoseka kamodzi n'kuiwala. Namwino yekha ndi amene tsiku lina anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndisamakhale nthawi yaitali pampando, ndizidzuka kuyendayenda.

Mng'ono wanga anabereka bwino, mwana wamwamuna, ndipo anapitiriza jakisoni wake mpaka madokotala atamuuza kuti asiye. Mwendo sunatupe. Ubatizo unachitikira ku Chilomoni, ndipo titachoka kutchalitchi tinasonkhana kunyumba kwawo. Telala uja anabwera, atavala jekete lotuwa lomuthina m'mapewa. Anamukhazika pabenchi limodzi ndi bambo, pansi pa tenti, pakati pawo patatsala malo okwana munthu. Achibale a mwamuna wa mng'ono wanga ankawadziwa bambo anga okha, poti ndi amene anaimira pa chinkhoswe ndi paukwati. Mayi wina wachikulire wa kuchimunako, akugawa mbale, anafunsa mng'ono wanga kuti mlendoyo ndi ndani, kuti adziwe kapatsidwe ka ulemu. Mng'ono wanga anatsegula pakamwa, koma bambo anamutsogolera.

"Bambo ake a mayi wa mwanayu ndi awa," anatero. "Ine ndine malume chabe."

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kugwada kupereka mbale yoyamba kwa telalayo. Anthu a kuchimuna ananong'onezana, ena n'kumatiyang'ana ine ndi mayi. Mayi anaweramitsa mutu, akukonza chitenje chimene chinali bwinobwino. Khandalo analibweretsa n'kuliika m'manja mwa agogo ake, telala uja, ndipo iwo analigwira mouma, ngati munthu amene sanazolowere, n'kufunsa ngati akuligwira bwino.

Bambo anadya pang'ono, kenako anadzuka ngati akupita kukasamba m'manja. Atachedwa ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, ataima pampopi, madzi akungotayika. Ndinatseka mpopiwo, n'kuwafunsa ngati akufuna tizipita. Anati ayi, si bwino kuchoka mwambo usanathe, angoti apume kaye pang'ono. Tinaima pamenepo mpaka titamva kuti ayamba kudula keke, ndipo tinabwerera kukakhala.